Makina oziziritsa m'nyumba ndi chinyezi cha m'dzinja

Wofunsa wa ku Salima: Akuluakulu, ndinaika makina oziziritsa m'chipinda chogona, koma mvula ikangoyamba thupi limangomatabe thukuta ngakhale mpweya ukuzizira, ndipo mayunitsi a magetsi sakuchedwa kutha. Kodi vuto lingakhale chiyani?

Yankho loyamba: Mphamvu ya makina ikakula kuposa imene chipinda chikufunika, amaziziritsa mofulumira n'kuzima asanachotse chinyezi mumpweya. Yesani kuwaika pa "dry" (pamene makinawo amachotsa chinyezi mumpweya), ndipo musatsike kupitirira madigiri 24.

Yankho lachiwiri: Bambo, yang'ananinso sefa, chifukwa fumbi la mu Okutobala likaitseka mpweya sudutsa bwino, itsukeni ndi madzi n'kuiyanika pamthunzi. Komabe ngati nyumbayo ndi ya malata yopanda siling'i, yambani mwakonza zimenezo, apo ayi kutentha kwa malata kuzingogonjetsa makinawo masana onse.