Kuika mainjekita akuluakulu kuti galimoto ya turbo iziyendera E85

Mwini Turbo analemba:

Moni nonse. Ndili ndi galimoto ya masilinda anayi, injini ya malita 2 yokhala ndi turbo, ndipo pakadali pano ikuyendera petulo ndi mainjekita (tizipangizo topopera mafuta mu injini) a 550cc, kutanthauza kuti iliyonse imatha kupopera 550cc pa mphindi imodzi. Ndikufuna kuti iyambe kumwa E85, amene ndi mafuta osakaniza ethanol wambiri ndi petulo wochepa, chifukwa mafuta amenewa amalola kukweza mphamvu ya turbo popanda injini kugogoda, ndipo cholinga changa n'kufika pa mahorsepower 400. Chikundisokoneza n'chakuti ena akuti ndingogula mainjekita a 1000cc, ndiwaike m'malo mwa akalewo, basi ntchito yatha, pamene ena akundichenjeza kuti ndikatero galimoto sidzalira n'komwe. Kodi saizi imeneyi ikukwanira, nanga ndi zinthu zina ziti zimene ndiyenera kusintha ndisanathire E85 m'thanki? Ntchito yochotsa ndi kuika ndikufuna kuigwira ndekha.

Wokonza Mainjini anayankha:

Achimwene, amene akukuchenjezaniwo akunena zoona. Petulo amapsa bwino akasakanizidwa ndi mpweya pa mlingo wa 14.7 kwa 1, koma E85 amafuna pafupifupi 9.8 kwa 1, ndipo injini imamwa mafuta ochuluka ndi pafupifupi 30 mpaka 40 peresenti kuti igwire ntchito yomweyo. N'chifukwa chake a 550cc sangakufikitseni kumene mukufuna. Pa masilinda anayi ndi mahorsepower 400, a 1000cc ali pafupi ndi malire, chifukwa injekita siyenera kukhala yotsegula nthawi yopitirira 80 kapena 85 peresenti injini ikathamanga kwambiri. Ngati muli ndi maganizo oti mtsogolo mudzawonjezerenso mphamvu, gulani okulirapo pang'ono panopa.

Koma chachikulu ndi kompyuta ya injini. Iyo ikudziwabe kuti muli ndi a 550cc, ndiye mukaika a 1000cc osaiuza, idzawatsegula kwa nthawi yofanana ndi kale ndipo injini idzamira m'mafuta. Munthu wokonza kompyutayi, imene imatchedwa ECU, afunika kulowetsa kukula kwa mainjekita atsopanowo pamodzi ndi dead time, imene ndi kanthawi kamene injekita imachedwa kutseguka ikalandira magetsi, ndipo kanthawi kameneka kamasintha malinga ndi mphamvu ya batire. Ine sindingagule mainjekita amene sabwera ndi manambala amenewa, ngakhale atawoneka okongola bwanji, chifukwa popanda manambalawo injini imanjenjemera ikaima ndipo wokonzayo amangogwira ntchito mongoyerekeza. Onetsetsaninso kuti impedance yake (mlingo wa mmene amakanira magetsi) ndi yofanana ndi ya akale anu, ndiponso kuti pulagi yake ndi kutalika kwake zikugwirizana ndi injini yanu. Pampu ya mafuta nayonso isinthidwe, pakuti injekita yaikulu ilibe phindu ngati presha ikutsika turbo ikayamba kukoka.

Wothamangitsa Galimoto anayankha:

Ndiwonjezereko za ntchito ya manja, poti mwati muigwira nokha. Yambani n'kuchotsa fyuzi ya pampu, muyatse injini mpaka izime yokha kuti presha ithe m'mapaipi, kenako muchotse waya wa batire. Injini ikhale yozizira. Malabala a mainjekita atsopanowo muwapake oyilo woyera wa injini musanawalowetse, ndipo muziwakankha mowongoka, osati mopendeketsa. Ine ndinafulumira, ndinalowetsa injekita yachitatu labala wake ali wouma, ndipo anang'ambika pang'ono chabe, moti ndi maso sizinkaoneka. Nditatembenuza kiyi kuti pampu ikankhe mafuta, ndinaona kadontho kakuyenderera pansi pa paipi, pafupi ndi malo amene amatentha kwambiri. Kuyambira tsiku limenelo ndimatembenuza kiyi katatu osaliza injini, n'kupukuta injekita iliyonse ndi kapepala koyera kuti ndione ngati kanyowa.

Musaiwale fyuluta. Ethanol amasungunula litsiro lakale la m'thanki n'kulikokera kutsogolo, choncho ikani fyuluta imene inapangidwira ethanol, ndipo muitsegule n'kuiona mukangomaliza mathanki awiri kapena atatu oyamba. Mapaipi akale a labala nawonso muwayang'ane bwino.

Mwini Turbo analembanso:

Zikomo kwambiri nonse awiri, mwanditsegula maso. Funso limodzi latsala: kodi galimoto ikakonzedwa kuti iziyendera E85, ndingathenso kuthira petulo tsiku limene E85 wasowa?

Wokonza Mainjini anayankha:

Zimatheka ngati mutaika sensa yoyeza kuchuluka kwa ethanol m'mafuta, ndipo ECU yanu ikhale yotha kuiwerenga n'kusintha yokha mlingo wa mafuta ndi nthawi ya moto. Ndikulimbikitsani kuti muiike ngakhale mulibe maganizo obwerera ku petulo, chifukwa mafuta otchedwa E85 sakhala ndi ethanol wofanana nthawi zonse. Mwachitsanzo, ku United States muyezo umalola kuti akhale pakati pa 51 ndi 83 peresenti, ndipo amachepetsedwa m'nyengo yozizira chifukwa ethanol amavuta kuyaka injini ikakhala yozizira. Popanda sensa imeneyi, musathire petulo ECU ikadali ndi manambala a E85, ndipo musapondenso kwambiri mpaka wokonzayo atayeza ndi sensa ya wideband (yoyeza mlingo wa mpweya ndi mafuta kudzera mu utsi) n'kutsimikiza kuti mafuta akukwanira turbo ikafika pamwamba penipeni.