Kodi Thomas Müller ndi mwana wa Gerd Müller? Nanga dzinali linachokera kuti?

Chigoli_Zomba

Amwene ndi asisi ndithandizeni apa. Kodi Thomas Müller uja wa Bayern ndi mwana kapena mdzukulu wa Gerd Müller? Chifukwa onse Bayern, onse jezi nambala 13 ku timu ya Germany, onse omwetsa zigoli pa World Cup, ine ndimangoti ndi magazi amodzi basi koma mnzanga wina akukana kwamtuwagalu. Komanso dzinali ndikulipeza paliponse, pali yogati ya Müller, panali nduna ina inabwera kuno dzina lake Müller, nde kodi ndi mfunda ngati mmene tilili a Phiri ndi a Banda kuti ukangomva dzina ukudziwa kuti awa mizu yawo ndi imodzi? Odziwa masulani chonde.

Aphunzitsi_Opuma

Mwana wanga mnzakoyo akunena zoona, palibe chibale pamenepo. Ndipo nkhani ya mfunda ichotse kaye mmutu chifukwa maina ambiri achijeremani sanachokere kwa kholo limodzi ayi, anachokera ku ntchito imene munthu ankagwira. Müller ndi munthu wachigayo basi. Mawuwa mizu yake ili ku Chilatini, molinarius, kutanthauza wogwira ntchito pa chigayo.

Kale kumeneko munthu ankangokhala ndi dzina limodzi, Hans kapena Peter kapena Konrad, ndiye matauni atayamba kukula cha m'ma 1100 ndi 1200 ma Hans anachuluka moti alembi a misonkho ndi a makhoti anayamba kuwonjezera kanthu kosiyanitsira, Hans wachigayo, Hans wosula zitsulo, Hans wosoka. Poyamba linali dzina la munthu mmodziyo koma pang'onopang'ono linakakamira kwa ana ndi adzukulu ngakhale amene sanagwirepo thumba la tirigu, pofika m'ma 1500 madera ambiri maina anali atakhazikika. Mukaona maina khumi ofala kwambiri ku Germany onse ndi antchito kapena maudindo, Müller ali pamwamba, Schmidt wosula, Schneider telala, Fischer msodzi, Weber woomba nsalu, Wagner wopanga ngolo, Becker wophika buledi, mpaka Schulz amene anali mkulu wotolera misonkho ndi kuweruza timilandu pamudzi.

Tsono chifukwa chake wachigayo anaposa onse nchoti anthu aja chakudya chawo ndi buledi, ndiye pafupifupi mudzi uliwonse umene unali ndi kamtsinje unali ndi chigayo choyendera madzi, kumpoto kwa zigwa ankagwiritsanso ntchito zoyendera mphepo. Alimi anali ambirimbiri moti kumutcha munthu kuti mlimi sikunkamusiyanitsa ndi aliyense, koma wachigayo pamudzi amakhala mmodzi ndipo aliyense amamudziwa. Panalinso lamulo lankhanza ndithu lotchedwa Mühlenzwang, loti alimi onse a dera la bwana wakutiwakuti azikagayitsa pa chigayo cha bwanayo basi, ukakagayitsa kwina kapena kupera wekha kunyumba unkalipitsidwa. Ku Prussia, ufumu wina wa Achijeremani, lamuloli analithetsa mu 1810. Malipiro nthawi zambiri sanali ndalama, wachigayo ankatapa gawo la mbewu zimene wabweretsazo, ndiye mukudziwa kale zimene zimachitika munthu akamadziyezera yekha mlingo pomwe iwe ulibe kwina kopita. Anthu ankawanena kuti ndi akuba, moti m'matauni ena ana a achigayo ankakanizidwa kulowa m'mabungwe a amisiri mpaka boma la ufumu linalamula mu 1548 kuti azilandiridwa.

Ndiye Müller wa ku Hamburg ndi Müller wa ku Munich chimene akugawana nchoti agogo awo akalekale ankagwira ntchito yofanana, mwina pa mitsinje yotalikirana makilomita mazanamazana.

Nabanda_ku_Köln

Aphunzitsi mwatha zonse kkkk ine ndingowonjezera za kuno. A Müller alipo pafupifupi 700,000 mu Germany muno, nyumba zathu za mafulati zimakhala ndi maina pa belu pakhomo ndiye ukamayenda sulephera kupeza Müller penapake. Mpaka ali ndi kanenedwe koti Lieschen Müller akafuna kunena za mayi wamba aliyense wosadziwa zambiri. Koma pa nkhani yoti ndi nambala wani pali kamkangano pang'ono, Schmidt amalembedwa mosiyanasiyana, Schmidt, Schmitt, Schmid, Schmitz, ndiye mukawaphatikiza onsewo amaposa a Müller, kungoti agawikana.

Nayenso Müller ali ndi azibale ake a kalembedwe. Kumpoto mupeza Möller, kummwera cha ku Bavaria ndi Swabia kuli Miller, ndipo pomwe zigayo zinali ziwiri pamtsinje umodzi anasiyanitsa kuti Obermüller wa kumtunda, Untermüller wa kumunsi, Neumüller wa chigayo chatsopano. Timadontho tiwiri tapa u tija ngati kiyibodi yako ilibe umalemba ue, ndiye Mueller ndi Müller ndi chinthu chimodzi, pa pasipoti pansi paja pomwe makina amawerenga amalemba MUELLER. Amene anasamukira ku America ambiri anangosanduka Miller kapena Mueller, monga Robert Mueller amene anali mkulu wa FBI kuyambira 2001 mpaka 2013. Ku Joni mukaona Muller opanda madontho ndi dzina lomweli.

Ndipo si onse obadwira mu Germany. Herta Müller amene anapata Nobel ya zolembalemba mu 2009 anabadwira ku Romania mu 1953, m'mudzi wa anthu olankhula Chijeremani kudera la Banat, apolisi achinsinsi a Ceaușescu, mtsogoleri wa dzikolo nthawi imeneyo, anamusowetsa mtendere atakana kuwagwirira ntchito mpaka anachoka mu 1987. Achimwene a Chigoli ndiye mayi ameneyu mumuika pa mzere uti wa banja la Thomas kkkk.

Bomba_wa_Ndirande

Za zigayo ndakusiyirani ophunzira, ine za mpira. Aise chisokonezo chako ndachimvetsa chifukwa anthu awiriwa ankadziwana zenizeni, Gerd anali wothandizira kochi ku timu yachiwiri ya Bayern nthawi imene Thomas ankakulira mmenemo, ndiye anamuphunzitsapo ndithu koma si bambo ake. Gerd ngwa ku Nördlingen wobadwa 1945, Thomas wobadwa 1989 anakulira kamudzi kotchedwa Pähl. Komanso aphunzitsi imvani iyi, Gerd asanatchuke anaphunzira ntchito yoomba nsalu ku fakitale, ndiye anali Müller wogwira ntchito ya a Weber.

Ana a lero mumangodziwa Thomas koma madala aja anali chilombo china. Wamfupi, ntchafu zikuluzikulu, kochi wake woyamba ku Bayern ankamunena kuti kamunthu kakafupi konenepa, koma zigoli 365 pa magemu 427 a Bundesliga, mpaka pano palibe wafikapo. Ku timu ya dziko zigoli 68 pa magemu 62 okha, tangoganizani zigoli kuchuluka kuposa magemu. World Cup ya 1970 anamwetsa 10 natenga Ballon d'Or chaka chomwecho, 1974 ndi iye anagoletsa chopambanira pa fainolo ndi Netherlands 2-1 mu Munich momwemo. Zigoli zake 40 za sizoni ya 1971/72 zinakhala rekodi zaka 49 mpaka Lewandowski anafika 41 mu 2021, ndipo miyezi itatu chabe kenako mu August madala aja anatisiya atadwala Alzheimer's nthawi yaitali.

Thomas ndi mtundu wina wa pleya, sathamanga mochititsa kaso, sachenjeretsa munthu, miyendo ngati sakudziwa komwe akupita koma umangozindikira ali yekha pamalo pomwe mpira ukugwera. 2010 ku South Africa ali ndi zaka 20 anatenga nsapato ya golide ndi zigoli 5, 2014 zinanso 5, zitatu anathira Portugal ndipo 7-1 ya Brazil ija anatsegula ndi iyeyo. Ma ligi 13 ndi Bayern, Champions League 2013 ndi 2020, kenako 2025 anapita ku Vancouver Whitecaps. Ine ndimamukonda koma kumuika sikelo imodzi ndi Gerd ayi ndakana.

Palinso wachitatu amene anthu amamuiwala, Dieter Müller wa FC Köln, anamwetsa zigoli 6 gemu imodzi mu 1977 pomwe anakwapula Werder Bremen 7-2. Ameneyu ndiye anabadwa ali Dieter Kaster, la Müller anatengera bambo omupeza.

Mwana_wa_Kabwe

Ba Bomba mwakamba bwino koma mwalumpha dala chinthu chimodzi. Chaka cha 1972 Gerd Müller anamwetsa zigoli 85 kuyambira January mpaka December, dziko lonse linkati ndiye rekodi, Messi atafika 91 mu 2012 nyuzi zonse zinali Messi waphwanya rekodi ya Müller. Koma chaka chomwecho cha 1972 kuno ku Zambia Godfrey Chitalu, Ucar mwini wake, ali ku Kabwe Warriors anamwetsa 107. FAZ, bungwe la mpira ku Zambia, inadandaula mu 2012, FIFA inangoyankha kuti siisunga ziwerengero za ma ligi a m'maiko ndiye singavomereze za wina aliyense. Munthuyo anafera pa ndege ija ya ku Gabon mu 1993 ali kochi wa timu ya dziko. Ndiye mukamatchula 85 muzitchulanso 107, sitikupempha zambiri.

Bomba_wa_Ndirande

Ucar ulemu wake sitingaulande amwene, koma ligi ndi ligi, mavideo a Gerd alipo aliyense atha kuwerenga yekha.

Mwana_wa_Kabwe

Ndiye vuto ndi la Chitalu kuti kunalibe makamera? Manyuzipepala a nthawi imeneyo alipo, anthu anakawerenga gemu ndi gemu.

Mayi_Mvano

Ana inu mpira wokhawokha mpaka kukangana. Ine Müller amene ndinayamba kumumva ndi George Müller, abusa amakonda kumutchula akamalalika za pemphero. Anabadwira ku Prussia mu 1805, ali mnyamata anali wakuba ndi womwa mpaka analowako ndende, atatembenuka anapita ku England nakakhazikika ku Bristol komwe anamanga nyumba zisanu zikuluzikulu za ana amasiye pa Ashley Down. Ana opitirira 10,000 anadutsa m'manja mwake pofika 1898 pamene anamwalira, ndipo chimene amatchuka nacho nchoti sankapempha munthu ndalama, ankangopemphera nkumalemba ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka.

Mwana wanga wamkazi ndi namwino ndiye anandiuzanso za Paul Müller wa ku Switzerland, wa kampani ya Geigy ku Basel, amene mu 1939 anatulukira kuti DDT imapha tizilombo, anapatsidwa Nobel mu 1948 chifukwa mankhwalawo anathandiza kwambiri polimbana ndi udzudzu wa malungo ndi nsabwe, ngakhale pambuyo pake maiko ambiri anawaletsa kuminda ataona mmene akuonongera mbalame ndi nsomba.

Koma ndi bwinonso kuti si mfunda, chifukwa mkulu wa Gestapo, apolisi achinsinsi a nthawi ya Hitler, analinso Müller, Heinrich Müller, amene anaonekera komaliza mu Berlin mu 1945. Bwenzi anthu 700,000 akuyankha mlandu wa munthu ameneyo.

Aphunzitsi_Opuma

Amayi mwakumbutsa bwino. Panalinso Hermann Müller amene anasainira Germany pangano la Versailles mu 1919 ngati nduna ya zakunja, kenako anakhala chansela kawiri, 1920 ndi 1928 mpaka 1930. Nduna imene Chigoli akunena ija ndi Gerd Müller winanso, wa chipani cha CSU, anali nduna ya zachitukuko kuyambira 2013 mpaka 2021. Anabwera kuno ku Malawi mu January 2019, ndege ya boma lawo inawonongekera konkuno moti ulendo wa ku Zambia anachita kukwera ndege ina. Anthu ena atamva dzina pa wailesi mwina ankayembekeza kuona womwetsa zigoli, kutsika bambo wamtali wa suti ndi mafayilo.

Nabanda_ku_Köln

Yogati ija mwaiwala kumuyankha. Imeneyo ndi ya banja lina la Müller la ku Aretsried ku Bavaria, inayamba ngati kafakitale ka mkaka ka pamudzi mu 1896, pano ili mpaka m'masitolo a ku UK. Ndiye kuno kulinso masitolo a zodzola ndi sopo otchedwa Müller ochokera ku Ulm, eni ake enanso osiyana, alendo ambiri amalowamo kukafuna yogati.