Kodi tipi ija ndi lamulo kapena ndi mtima wa munthu?

Anthu a pagulu pano ndithandizeni nzeru pa nkhani ya tipi, kandalama kothokozera kaja kamene munthu amasiyira weita, musanditukwane chonde. Loweruka lapitali mlamu wanga wa ku Joni anabwera kudzaona makolo, ndiye anati tiyeni tikadye chambo ku Senga Bay, apongozi anga tinawatenga omwe. Loji sinditchula. Mtsikana amene amatiperekera zakudya anali waulemu heavy mpaka kubweretsa madzi ofunda osamba m'manja poti mayi anakana foloko, bilu inabwera K68,000, mlamu analipira kenako anasiya ma K5,000 awiri pansi pa mbale. Tikunyamuka mayi aziona, azitola, amvekere "iwe ndalama zikukuyabwa eti, waiwala izi" basi kumanga pa chitenje. Mtsikana uja ali poteropo akuona. Ine ndiwatsutse apongozi? Ndinangoyang'ana kunyanja.

Ine ndinakulira pa Kamuzu Road, chomwe ndimadziwa ndi choti wogula ndiye amapempha pulayizi, ukagula usipa kapena tomato amakuwonjezera, osati iwe kuwonjezera wogulitsa. Mwezi wamawa ndikufuna ndibwerereko ndi madamu. Ndisiye zingati? Nanga ndikapanda kusiya amatinena kukhitchini?

Wa ku Lifuwu: Kkkkk mayi sanalakwe, ndalama siisiyidwa pa tebulo ngati fupa la kampango.

Mlongo wina: Achimwene ndinagwirapo ntchito imeneyi zaka zitatu kunyanja konko. Si lamulo ayi ndipo palibe angakutsekerezeni pakhomo. Koma kunena zoona malipiro ndi ochepa, umaima tsiku lonse, kuweruka usiku kabaza atakwera mtengo, ndiye ka K2,000 kamene munthu wakusiyira ndi kamene umakwerera kupita kwanu. Kunena timanena inde, koma osati amene sanasiye, timanena aja okuitana ndi likhweru komanso kukutuma ka 10 kenako osathokoza nkomwe. Mukafuna kupereka mupatseni m'manja mwenimwake, pa tebulo wina wochotsa mbale amatha kudutsa nazo.

Wa ku Joni: Kuno 10% ndi yachizolowezi, nchifukwa chake alamu anuwo dzanja linangopita lokha. Ku America ndiye zinafika pena, 15 mpaka 20%, osasiya amakuona ngati wakuba. Koma kumudzi musadzipanikize nazo.

Bambo wina wa ku Chipoka: Zachizungu izi. Mwini loji alipire antchito ake bwino, ine ndalipira kale nsomba ya m'nyanja yathu yomweyi pa mtengo wa mbuzi. Pa chiimilire mumasiya tipi? Nanga mayi wa mu lesitilanti ya mumsika amene amakuwonjezera nsima ulele uja bwanji simumuganizira?

Wina: Muziwerenga bilu abale. VAT ndi tourism levy ndi za boma, weita sakhudzako olo tambala. Pakalembedwa service charge ndiye mufunse ngati imafikadi kwa antchito, malo ena zimathera kwa bwana. Mukalipira pa Mpamba kapena Airtel Money sungani kachenje ka m'manja.

Mwini funso: Zikomo nonse, makamaka asisi mwandimasula. Bambo a ku Chipoka mwandilasa pa nkhani ya mayi wa mumsika ija, ndimadya kwa iwo pafupifupi daily. Ulendo uno ndikamufufuza mtsikana yemwe uja ndikamupatse m'manja. Za ma K5,000 aja musafunse, mayi anagulira nkhuku.