Za funso lija la moto wochokera pabwalo lowombera mfuti

Ndinafunsa kuti moto ukabuka pabwalo lophunzirira kuwombera lomwe lili kuseri kwa phiri kwathu kuno ku Colorado, n'kupsereza nyumba yanga, adzalipira ndani. Dzulo ndinakakhala pansi ndi wa inshulansi, mapepala onse patebulo.

Akuti inshulansi ya nyumba imalipira moto posayang'ana amene wauyatsa. Amayamba andipatsa ine ndalama, atachotsapo kagawo kamene ndimayenera kulipira ndekha, kenako kampaniyo imakalondola wolakwayo yokha.

Kudalira wolakwayo ndiye kudikira madzi a mphutsi. Taonani moto wa Lake Christine pafupi ndi tauni ya Basalt konkuno ku Colorado, mu Julaye 2018: anthu awiri anawombera zipolopolo zimene zimayaka moto zikamauluka, udzu uli gwa, nyumba zitatu n'kupsa. Khoti linawalamula kulipira madola 100,000 aliyense, pomwe kuzimitsa kokha kunadya mamiliyoni. Inu, madola 100,000 angamange chiyani?

Chomwe chinandidzidzimutsa n'chakuti ndalama yomangiranso nyumba yolembedwa papepala langa ndi ya mitengo yakale. Ndaikweza. Lero ndikujambula katundu wa m'zipinda zonse pafoni, ndipo udzu wa kumpanda ndautchetcha kale.