Chinavuta n'chiyani kwa Shota Arveladze ku Hull City?

Akuluakulu otsatira Championship, ligi yachiwiri ya mpira wamiyendo ku England, tithandizeni. Arveladze, wa ku Tbilisi m'dziko la Georgia, adagoletsa zigoli zambiri ku Trabzonspor, Ajax, Rangers ndi AZ Alkmaar. Uphunzitsi adauyambira ku AZ komweko mu 2008, ngati wothandizira Louis van Gaal. Ku Pakhtakor Tashkent, timu ya ku Uzbekistan, adatenga ligi kawiri, mu 2019 ndi 2020.

Koma ku Hull, mwini timuyo Acun Ilıcalı atamulemba ntchito mu Januwale 2022, Arveladze adachotsedwa pa 30 Sepitembala chaka chomwecho, atagonja masewero anayi motsatizana. Kumbuyo kunkangolowa zigoli. Kodi vuto linali kaimidwe ka otchinga kumbuyo, kapena osewera atsopano ochuluka amene adagulidwa nthawi imodzi osazolowerana? Amene mudaonera masewerowo, tiuzeni ankaimika anthu angati kumbuyo, ndipo pakati ankatseka ndani mpira ukatayika.