Player's Handbook ya 2024 ndi Monster Manual ya 2014: zigwirizana?

Wa ku Bembeke:
Moni nonse. Mabuku awiri a Dungeons & Dragons, masewera a patebulo oseweredwa ndi nkhani komanso madayisi, afika: Player's Handbook (buku la malamulo a osewera) ya 2024 ndi Monster Manual (buku la zilombo) yakale ija ya 2014. Kungotsegula, zithunzi ndi zokoma m'maso, koma loyambalo lili ndi masamba 384, ndipo dayisi palibe ngakhale imodzi. Kodi mabuku a zaka zosiyana chonchi angayendere limodzi? Tilipo asanu, tiyambire pati?

Wa ku Lizulu:
Ayenda limodzi achimwene, onsewo ndi a edition yachisanu. Monster Manual yatsopano inatuluka mu 2025, koma AC (nambala ya chitetezo), HP (nambala ya moyo) ndi manambala omenyera a m'buku lakale amagwirabe ntchito. Kungoti ankhondo opangidwa ndi malamulo a 2024 ndi amphamvuko, chifukwa cha Weapon Mastery (ukadaulo wa zida) komanso feat (luso lapadera) yomwe aliyense amalandira pa level 1.

Pomwe ambiri amasokonezeka ndi apa. M'malamulo a 2014 manambala owonjezera pa mphamvu, nzeru ndi zina ankachokera ku mtundu wa munthu wa m'masewerayo, kaya elf kaya dwarf. Tsopano amachokera ku background, yomwe ndi mbiri ya moyo wake: +2 ndi +1, kapena +1 pa zinthu zitatu. Wina akaonera pa YouTube zakale n'kuphatikiza zonse ziwiri, pepala la manambala a munthu wake (character sheet) limafufuma mwachinyengo.

Buku la Player's Handbook musalilime ndime yonse ngati munda. Mmodzi akhale DM (woyendetsa nkhani ndi zilombo), anayiwo atenge 15, 14, 13, 12, 10 ndi 8, agawire Strength, Dexterity, Constitution, Intelligence, Wisdom ndi Charisma. Kuti mupeze modifier (nambala yowonjezera pa dayisi mukaponya), chotsani 10 n'kugawa pawiri, theka lotsala likhale lotsika: 15 ipereka +2, 8 ipereka -1. Masamba a matsenga awerenge yekhayo amene wasankha munthu wa matsenga monga Wizard kapena Cleric, ndipo ayang'ane ma cantrip (matsenga aang'ono) ndi a level 1 okha.

Mayi wa ku Tsangano:
Za madayisi, pamafunika d4, d6, d8, d10, d12, d20 (nambalayo ndi kuchuluka kwa mbali zake) ndi ina ya makumi. Imene imatopa kwambiri ndi d20. Musayese kuponya atatu a ludo n'kuwonkhetsa, chifukwa amapereka 3 mpaka 18 basi, ndipo kawirikawiri amagwera pa 10 ndi 11. Ndiye kuti 20 sadzatuluka, critical hit (kumenya koopsa komwe kumabwera 20 akatuluka) yafa.

Tengani makadi 20: ofiira kuyambira A mpaka 10 akhale 1 mpaka 10, akuda akhale 11 mpaka 20. Mukasolola limodzi libwezereni n'kusakanizanso, apo ayi mwayi umasintha. Pofuna d8, siyani makadi asanu ndi atatu okha. Pa foni paliponso mapulogalamu oponya madayisi, koma ana ena sakhulupirira foni ikawagwetsa.

Mapu jambulani pa pepala lalikulu, mabokosi a inchi imodzi, bokosi lililonse likuimira mafiti 5. Zitsekerero za mabotolo zikhale anthu, nkhomo za bawo zikhale zilombo.

Wa ku Bembeke:
Zikomo amayi. Nanga nkhondo yoyamba tiike zilombo zingati?

Wa ku Lizulu:
Goblin atatu akwana. Wa m'buku lanulo ali ndi AC 15, HP 7, ndipo akamenya amachotsa 1d6+2. Wizard wa level 1 amayamba ndi HP 6 kuphatikiza modifier ya Constitution, choncho kumenyedwa kawiri akhoza kugwa. Fighter, yemwe amayamba ndi HP 10 kuphatikiza modifier ya Constitution, aime kutsogolo.

Mphunzitsi wa ku Dedza boma:
Ine ndiwonjezere za bukulo lenileni. Latsopano musalikanule pakati mwamphamvu, guluu wa kumsana amasweka, masamba n'kuyamba kuthothoka. Liimikeni pa msana patebulo, gonetsani zikuto, kenako muzitsitsa masamba pang'onopang'ono uku ndi uku mpaka mufike pakati.

Nkhungu ya ku Bembeke mu June ndi July mukuidziwa. Mapepala osalalawa akamwa chinyezi amapindika, ena amamatirirana, ndipo mukawakoka chithunzi chimasupuka. Musawayanike padzuwa kapena pafupi ndi mbaula, chikuto chimakhota. Asungeni chogona m'bokosi lotseka, kutali ndi khoma, komanso osati pansi pa simenti. Pepala la character sheet jambulitsani makope, mulembe ndi pensulo, poti HP imafufutidwa kambirimbiri usiku umodzi.