Nsenjere ndi yobiriwira koma ng'ombe zikutafuna mafupa: vuto lili m'dothi?

Funso: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ng'ombe zamkaka zikudya nsenjere yodula, yobiriwira bwino, ndipo zikukhuta, koma zikutafuna mafupa ndi mitengo komanso kunyambita dothi. Zina zikuchedwa kutenga bere. Mundawo ndi wa dothi lofiira ndipo umathiridwa yureya yekha. Ndithiremo laimu?

Yankho: Kutafuna mafupa kawirikawiri kumasonyeza kusowa kwa fosifolasi, pomwe kunyambita dothi ndi njala ya mchere, chifukwa nsenjere ili ndi sodiyamu wochepa kwambiri. Kubiriwira kusakupusitseni, ameneyo ndi nayitirojeni wa mu yureya basi. Dothi likakhala la asidi, pH yake (muyeso wa asidi m'dothi) ikatsika pansi pa 5.5, ayironi ndi aluminiyamu amagwira fosifolasi mwakuti mizu imalephera kumuyamwa. Udzu ukamakhwimanso fosifolasi amachepa, ndiye muzidula ukafika pafupifupi mita imodzi, pakatha masabata 6 mpaka 8. Mafupawo tolani lero lomwe, amatha kubweretsa botulism, matenda opha ng'ombe.

Yankho: Laimu musathire mongoganizira. Yambani mwayezetsa dothi. Yendani mokhotakhota m'munda, kumbani malo 15 mpaka 20 kuya masentimita 20, sakanizani m'ndowa yoyera, mutengepo theka la kilogalamu. Tumizaninso udzu, koma usakhale ndi dothi, apo ayi zotsatira zidzaonetsa ayironi wambiri yemwe mu udzumo mulibe.

Laimu akachuluka amabweretsa vuto lina. pH ikakwera, udzu umayamwa wambiri mchere wa m'dothi wotchedwa molybdenum, ndipo iyeyu pamodzi ndi salufa amamanga kopa m'chifu cha ng'ombe. Mudzaona ubweya wakuda ukusanduka wofiirira, kuyambira mozungulira maso, kenako kutsegula m'mimba. Zinki, manganizi ndi kobaloti nazonso zimachepa mu udzu. Mukafikitsa pH pa 6 mwakwana. Ngati magineziyamu ndi wochepa, sankhani laimu wa dolomite, yemwe amakhala ndi magineziyamu.

Wofunsa: Zikomo. Nanga nditathira potashi (feteleza wa potaziyamu) wambiri, popeza nsenjere imamudya kwambiri?

Yankho: Imamudyadi, koma musathire yense kamodzi. Potaziyamu wochuluka pamodzi ndi nayitirojeni amatsitsa magineziyamu mu udzu wanthete. Magineziyamuyo akatsika pansi pa 0.2% ya udzu wouma, ng'ombe yokamidwa imatha kuyamba kunjenjemera, kudzandira mpaka kugwa. Gawani feteleza pang'onopang'ono, mukangodula. Ndipo kumbukirani kuti udzu wodula umachoka ndi michere ya m'munda. Bwezerani ndowe pamodzi ndi zinyalala zonyowa za m'khola, chifukwa potaziyamu wambiri amatuluka mu mkodzo, fosifolasi mu ndowe.

Yankho: Ndiwonjezereko pang'ono. Seleniyamu ndi ayodini udzu suwafuna kuti ukule, ndiye ngakhale atasowa m'dothi munda udzaoneka wokongola ndithu. Zimenezi zimakonzedwa modyera ng'ombe. Pamene mukudikira zotsatira, ikani chonyambita cha mchere wosakaniza ndi dicalcium phosphate (ufa wokhala ndi kashiamu ndi fosifolasi), pamalo osanyowa ndi mvula. Pakati pa mizere ya nsenjere bzalani desmodium, chomera cha gulu la nyemba, chifukwa mbewu za gululi zimakhala ndi kashiamu wochuluka kuposa udzu. Lukina nayenso ndi wabwino, bola asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse. Ngati muli ndi nkhosa, zisanyambite chosakaniza cha ng'ombe chokhala ndi kopa, amaunjikana m'chiwindi n'kuzipha.